Galasi lakutsogolo la Benz E-Class W213 lang'aluka: likonzedwe kapena lisinthidwe?

Mayi_wa_ku_47

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa odziwa za magalasi a galimoto. Galimotoyo ndi Mercedes-Benz E220d, W213, ya 2018, yochokera ku UK, chiwongolero kumanja. Miyala yothamangitsidwa ndi matayala a thiraki pa M1 yamenya galasi lakutsogolo malo awiri. Poyamba ndi mbali ya wokwera, chapakati: pali kabala kokhala ndi timiyendo, konse pamodzi pafupifupi mamilimita 15. Pachiwiri ndi pansi pomwe mawaipa amagona, masentimita 3 kapena 4 kuchokera m'mphepete. Apa patuluka mng'alu womwe wafika masentimita 14 ndipo ukukwerabe.

Galimotoyi ili ndi makamera awiri kuseri kwa kalilole wam'kati, mawaipa amayamba okha mvula ikagwa, komanso ili ndi head-up display, ija yoonetsa liwiro pagalasi.

Wokonza magalasi wina akuti athira mankhwala m'mabala onse awiri ndipo zitha. Wina ali ndi galasi lotchipa lomwe akuti ndi "la E-Class", aika tsiku lomwelo. Wachitatu akuti aitanitse ku Johannesburg, mtengo wake ndi wokwera kangapo. Kodi mng'alu woterewu umakonzeka? Ngati ndi kusintha, galasi loyenera ndilidziwa bwanji, ndipo ndiyang'anitsitse chiyani tsiku loika?

Wamagalasi

Mayi, pepani ndi vutoli. Kabala ka timiyendo kaja kakanakhala kokha, kakanakonzeka. Koma mng'alu wapansiwo wagamula kale nkhani: galasi lisinthidwe. Amene akuti athira mankhwala m'mng'alu wa masentimita 14 woyambira m'mphepete angokudyerani ndalama.

Galasi lakutsogolo ndi magalasi awiri, lililonse lokhuthala pafupifupi mamilimita 2, omatidwa pamodzi ndi pulasitiki wotchedwa PVB, kawirikawiri wa mamilimita 0.76. Mwala umaswa lakunja lokha, lam'kati n'kutsala lathunthu. Chomwe mumaona ngati kadontho kakuda kapena konyezimira ndi mpweya womwe walowa m'balamo. Kukonza ndiko kutulutsa mpweyawo n'kulowetsa guluu wamadzimadzi wowonekera wotchedwa resin. Resinyo ikauma imagwira zidutswazo pamodzi ndipo imadutsitsa kuwala mofanana kwambiri ndi galasi.

Malire ake ndi atatu: kukula, malo, ndi kuya. Ku UK komwe galimoto yanu yachokera, poyeza galimoto pa MOT, yomwe ili ngati COF ya kwathu, amatenga chigawo cha mamilimita 290 m'lifupi choyang'anizana ndi chiwongolero. M'chigawo chimenecho bala lopitirira mamilimita 10 likhoza kulepheretsa galimoto. Kwina konse komwe mawaipa amapukuta, malire ndi mamilimita 40. Lamuloli ndi lawo, koma monga muyezo limathandiza kulikonse. Za m'mphepete, okonza magalasi amasiyana pang'ono, ena amati masentimita 6, ena 10, koma onse amagwirizana kuti bala lomwe lili pafupi chotere ndi m'mphepete salikhudza. Kutsogolo kwa kamera sitikonzapo n'komwe, ngakhale kabala kachepe bwanji. Ndipo mukapititsa chikhadabo mbali yam'kati n'kumva kuti chikukola, ndiye kuti magalasi onse awiri asweka, palibenso zokonza.

Chomwe chimavuta m'mphepete n'chakuti galasi ndi lomatidwa ku bodi. Galimoto ikalowa m'dzenje kapena ikakwera hampu mopingasa, bodi imapindika pang'ono ndipo mphamvu yonse imakathera m'mphepete mwa galasi. Resin singalimbane ndi zimenezo. Onjezani dzuwa la Okutobala: galasi latentha pamalo oimika, munthu n'kuyatsa AC yonse kulozetsa pagalasi. Mbali yam'kati ikuzizira, yakunja ili moto, mng'alu umathamanga muli kuona.

Kwa ena omwe ali ndi kabala kokonzeka, ntchito yolongosoka imayenda motere. Galimoto ilowe mumthunzi, galasi lizizire mpaka dzanja likhoza kukhalapo osamva kutentha. Padzuwa resin imauma isanafike kunsonga za timiyendo. Ndi kasingano kolimba, chotsani tizidutswa tomwe tili pakamwa pa bala. Mukakayikira kuti mwalowa madzi, umitsani ndi kutentha pang'ono, kenaka dikirani lizizirenso. Madzi otsalira amachititsa kuti pakhale poyera ngati nkhungu pakapita masabata. Pakamwa pakakhala pothina amaboola ndi kabiti ka pafupifupi milimita imodzi, galasi lakunja lokha, osafika pa pulasitiki. Kenaka amaika bridge, kachoimikira komamatira pagalasi, ndipo injector, kampope kolowetsera resin, n'kukhala ndendende pakamwa pa bala. Madontho ochepa a resin amakwana. Amasinthanitsa kukoka mpweya ndi kukankha resin kawiri kapena katatu, mphindi zingapo ulendo uliwonse, akuyang'ana kamwendo kalikonse kuchokera m'mbali mpaka kuda kwake kutha. Akatero amadontheza resin yokhuthala pakamwa, kuphimba ndi kapulasitiki kowonekera, kuumitsa ndi nyali ya UV mphindi zingapo, kupala ndi lezala ataliimika chilili, n'kupukuta. Zonse ndi theka la ola kapena kupitirira pang'ono.

Zimalakwika pati? Kumanga injector mwamphamvu kumatsegula timiyendo, kabala n'kusanduka mng'alu. Kukankha kwambiri galasi lili lotentha kumalowetsa resin pakati pa galasi ndi pulasitiki, n'kusiya chizindikiro chozungulira chosachoka. Ndipo chonde, super glue asayandikire. Amauma pakamwa pokha, amatseka njira, wodziwa ntchito akabwera alibe polowetsera resin. Dziwaninso kuti ngakhale pokonzedwa bwino pamatsala kachipsera. Cholinga n'kuletsa bala kukula, kukongola ndi kwachiwiri.

Podikira galasi latsopano, matani selotepi yowonekera pamabala onse kunja, AC ilozetseni kumapazi ndi kumaso, musatsukitse ndi madzi amphamvu, ndipo ikani kadontho ka cholembera cha maka kunsonga kwa mng'alu mbali yam'kati kuti muziona ngati ukuyenda. Ukayamba kulowera kumaso kwa dalaivala, galimoto iime.

Wamasipeya_Joni

Achimwene Wamagalasi anena zoona, ine ndingotenga za kugula, poti apa ndi pomwe ndalama zimatayika.

Mayi, galasi "la E-Class" kulibe. W213 inatuluka mu 2016, inasinthidwa maonekedwe mu 2020, ndipo magalasi ake akutsogolo alipo amitundu yambiri ngakhale kukula kwake kukhale kofanana. Amasiyana pa bulaketi ya kamera, imodzi kapena ziwiri; pa head-up display; pa pulasitiki wochepetsa phokoso; pa utoto wosaoneka wobweza kutentha kwa dzuwa; ndi pa zotenthetsera. Wogulitsa yemwe sanakufunseni VIN, nambala ya chasisi ya galimoto yanu, sakudziwa chomwe akugulitsa.

Tengani VIN, ya zilembo ndi manambala 17, iwerengedwe pa datacard ya Mercedes. Pamenepo pamatuluka makhodi a zonse zomwe galimoto inatuluka nazo kufakitale. Pa zaka zimenezi 463 ndi head-up display, 23P ndi Driving Assistance Package, 513 ndi yowerenga zikwangwani zapamsewu. Nambala ya galasi imayamba ndi A 213 670, manambala anayi omalizawo ndi omwe amasiyanitsa. Polemba oda, mawu akuti chiwongolero kumanja alembedwe. Magalasi ambiri otchipa pa intaneti ndi a mayiko oyendetsa chiwongolero kumanzere.

Head-up display ndiyo imatsekera galasi lotchipa pakhomo. Chithunzi chochokera m'dashibodi chimabwerera kumaso kwanu kawiri, kuchokera pankhope yam'kati ya galasi ndi pankhope yakunja. Mugalasi wamba zithunzi ziwirizi sizikumana, mumaona manambala awiri, ena pamwamba pa anzake. Mugalasi la head-up display pulasitiki wapakati uja ndi wopyapyala pansi, wokhuthalirapo pamwamba, kusiyana kochepa kosaoneka ndi maso, kuti zithunzi ziwirizo zigwere malo amodzi. Palibe kompyuta yomwe ingakonze zimenezi galasi likakhala lolakwika.

Pakona yapansi ya galasi lililonse pali chidindo. Jambulani cha galasi lanu lakale musanalichotse, muyerekeze ndi latsopano. Pakhale chilembo E m'kabwalo ndi nambala ya dziko lomwe linavomereza, monga E1 ya Germany, kenaka 43R, lamulo la magalasi a galimoto. Chizindikiro cha II pafupi ndi kabwaloko chimatanthauza galasi lakutsogolo la magawo awiri omatidwa. Ambiri amalembanso AS1 ndi mawu akuti Laminated. Galasi lakutsogolo lolembedwa Tempered kapena AS2 libwezeni.

Mercedes sapanga yekha magalasi. Amapangidwa ndi makampani monga Saint-Gobain Sekurit, Pilkington, AGC ndi Fuyao, ena okhala ndi nyenyezi ya Benz, ena opanda. Kuno ku South Africa kulinso Shatterprufe, ndipo PG Glass ndi Glasfit ndiwo oika magalasi odziwika. Maganizo anga ndi awa: pagalimoto yopanda makamera, galasi labwino lopanda nyenyezi lilibe vuto. Pa yanuyi, ya makamera awiri ndi head-up display, gulani la nyenyezi, kapena la kampani yomwe dzina lake lili pagalasi lakalelo. Pa otchipa kwambiri, bulaketi ya kamera imakhala yomatidwa mokhota pang'ono, ndipo pawindo la kamera galasi limakhala ndi timafunde. Imani chapatali, yang'anani mzere wowongoka monga mtengo wa magetsi kudzera pawindolo, mukusuntha mutu. Mzerewo ukamavina, musalandire.

Oda isakhale ya galasi lokha. Muikemo gel pad yatsopano (kofewa kowonekera kokhala pakati pa sensa ya mvula ndi galasi), labala wa m'mphepete ngati sabwera womatidwa kale, ndi tizipanira ta zophimba m'mbali, poti takale timathyoka pochotsa.

Ulendo wa Johannesburg kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza kapena Dedza ndi wautali, ndipo magalasi ambiri amafera panjira. Liyende choimirira m'bokosi la matabwa, m'mphepete mwake mutakutidwa thovu. Logonekedwa pamwamba pa katundu m'tirela ya basi limafika ndi kang'alu kobisika pansi pa utoto wakuda wa m'mphepete, n'kudzaonekera litaikidwa kale. Tsegulani bokosi pamaso pa wonyamula, pititsani chala m'mphepete monse musanasaine.

Wowongola_ku_Ndirande

Galasi labwino m'manja mwa woika wosasamala ndi ndalama zotayika kawiri, choncho Mayi, tsiku loika mukakhalepo kapena mutume munthu wamaso.

Pagalimoto zamakono galasi lakutsogolo ndi mbali ya mphamvu ya bodi. Limathandiza denga kuti lisaphwanyike galimoto ikagubuduzika, ndipo pagalimoto zambiri airbag ya wokwera kutsogolo imatsamira pagalasi potuluka. Guluu akakhala wofooka, airbag imakankha galasi kunja m'malo mogwira munthu. N'chifukwa chake silikoni, phula kapena guluu womangira nyumba n'zoletsedwa. Wofunika ndi polyurethane wa magalasi a galimoto, monga SikaTack, Betaseal kapena Teroson, wolembedwa high modulus ndi non-conductive. Mawu oyambawo akutanthauza kuti akauma ndi wolimba mokwanira kubwezera bodi mphamvu zake. Achiwiriwo akutanthauza kuti sadutsitsa magetsi, zomwe zimafunika pagalasi lokhala ndi tiwaya ta eriyo, ndiponso pagalimoto za bodi ya aluminiyamu monga Audi A8 ndi Range Rover, pomwe guluu wolakwika amadyetsa chitsulo. Onani tsiku lothera ntchito pachubu. Guluu ameneyu sakhalitsa, kawirikawiri chaka sichipitirira, ndipo wosungidwa m'kontena yotentha amalimba msanga. Activator ndi primer, mankhwala opaka poyamba kuti guluu agwire, zikhale za kampani imodzi ndi guluuyo.

Kuchuluka kwake: mzere wa guluu umakhala wa makona atatu, pafupifupi mamilimita 8 m'lifupi ndi 12 m'mwamba. Kuzungulira galasi la galimoto yotere ndi pafupifupi mamita 5, ndiye kuti mamililita 240 kapena apo. Chubu chimodzi cha 310 chimakwana mothina. Pakhale ziwiri, kapena paketi imodzi yotchedwa soseji ya mamililita 400, kuti guluu asathere panjira.

Galimoto izimitsidwe, kiyi akhale patali, musanazule pulagi ya kamera. Phimbani dashibodi, mipando ndi boneti. Ikani chizindikiro pomwe mawaipa amagona, kenaka achotseni ndi chokokera chake, osati kutema ndi sikuludiraiva. Chotsani pulasitiki wapansi pa mawaipa, zophimba m'mbali, kalilole, chophimba kamera, kamerayo ndi sensa ya mvula. Kuseri kwa zophimba zam'kati za mizati kuli airbag ya m'mbali, musalowetseko chitsulo chakuthwa. Magalasi a kamera asakhudzidwe ndi chala. Ikulungeni m'nsalu yoyera.

Podula guluu wakale agwiritse ntchito waya wodulira kapena chingwe cha fibre, dashibodi itatetezedwa ndi pulasitiki wolimba. Mpeni wokoka umakanda penti mpaka pachitsulo, ndipo dzimbiri lomwe limatulukira pamwamba pa galasi pakapita zaka ziwiri limayambira pamenepo. Galasi likachoka, guluu wakale asapalidwe yense. Amasiya milimita imodzi kapena awiri, poti guluu watsopano amagwira bwino kwambiri pa mnzake wongodulidwa kumene. Pomwe pakandika paikidwe primer. Pakapezeka dzimbiri, ntchito iime: lipalidwe mpaka chitsulo chiwale, paikidwe epoxy primer, iume, kenaka mupitirize. Pomatira galasi pasaikidwe body filler.

Musanathire guluu, yesani galasi latsopano pamalo pake. Onani kuti mpata wapamwamba ndi wa m'mbali ndi wofanana, matani masking tepi kuchoka pagalasi kufika padenga, muidule pakati kuti idzakulondolereni. Apa musathamange, chifukwa galasi likatsika kapena kupendekeka, kamera yapendekeka nalo.

Tsukani m'mphepete mwakuda mwa galasi, pakani activator mokoka mbali imodzi, osabwerera, kenaka primer ngati guluuyo amaifuna. Dikirani nthawi yomwe yalembedwa pabotolo, nthawi zambiri mphindi zosapitirira 10. Pamenepo chala chisakhudzenso. Mafuta a m'manja okha amakwana kudzetsa kudontha. Sipiriti asayandikire guluu wamuwisi, amamuletsa kuuma. Mzere ukhale umodzi wosaduka, mfuti yothirira guluu itaima chilili, polumikiza pakhale pansi ndipo pasalazidwe kuti pasatsale kabowo. Mzere wobulungira ndi wolakwika: umatsekera mpweya ndipo sufika pagalasi paliponse. Galasi likhale pamalo pake pasanathe mphindi 10 mpaka 15, kukatentha ndi chinyezi nthawi imachepa. Anthu awiri, zogwirira za mpweya, kutsitsa kamodzi molunjika pa tepi ija, kukanikiza pang'onopang'ono kuzungulira. Kulikhwekhwereza litagunda kale guluu kumafafaniza mzere.

Guluu ameneyu amauma ndi chinyezi cha mumpweya. Pachubu pamalembedwa nthawi yomwe galimoto ingayambe kuyenda, ena mphindi 30, ena ola, ena maola angapo, ndipo nthawiyo imachokera pa mayeso a ngozi a muyezo wa ku America wa FMVSS 212. M'nyengo yozizira ndi youma ya Juni ndi Julaye, onjezerani. Pamisewu yathu ya maenje, ine ndinganene kuti igone pagalaja usiku umodzi. Mawindo atsitsidwe pang'ono, chifukwa kumenyetsa chitseko mawindo onse ali otseka kumakankha galasi ndi mpweya n'kuboola guluu wamuwisi. Kutsuka ndi makina kudikire masiku awiri.

Sensa ya mvula imaponya kuwala kosaoneka m'galasi n'kuyeza kobwerera. Kathovu kamodzi mu gel pad kamaichititsa kuganiza kuti kukugwa mvula, mawaipa n'kumapukuta pouma, kapena osayamba n'komwe. Yang'anani kunja ikaikidwa: pazioneka poyera bwino, popanda kadontho kotuwa.

Mayi_wa_ku_47

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Ndaitanitsa pogwiritsa ntchito VIN. Funso latsala ndi la makamera. Woikayo akuti akangowabwezera m'bulaketi, padashibodi osayaka nyali iliyonse, ndiye kuti zili bwino, calibration, kuja kophunzitsanso makamera miyezo ndi makina, n'kuwononga ndalama. Zoona?

Zamagetsi_Kanengo

Ayi Mayi, si zoona, ndipo pamenepa musagonje. Nyali imayaka kamera ikazulidwa, ikafa kapena ikaphimbika. Ikakhota pang'ono siidziwa kuti yakhota. Imapitiriza kugwira ntchito molimba mtima ndi miyezo yomwe inaphunzira pagalasi lakale, monga munthu wovala magalasi a maso a mnzake.

Tiwerengere limodzi. Kamera ikapatuka digiri imodzi, pamtunda wa mamita 100 yaphonya ndi mamita 1.75. Mbali imodzi ya msewu ndi pafupifupi mamita 3.5, ndiye kuti yaphonya theka lake. Galimoto yomwe ili mbali ina ikhoza kuoneka ngati ili kutsogolo kwanu, munthu yemwe ali kutsogolo kwanu n'kuoneka ngati ali kumbali. Digiri imodzi simungaione ndi maso pabulaketi. Makamera awiri aja amayeza kutalika kwa chinthu poyerekeza zithunzi zawo ziwiri, choncho kusintha kochepa kwa kupindika kwa galasi kumawasokoneza kuposa kamera imodzi.

Zomwe zimadalira makamerawa pa W213 ndi Active Lane Keeping Assist yosunga galimoto mumzere wake, chothandizira kuwongolera cha DISTRONIC (yosunga liwiro ndi mpata pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo), kuwerenga zikwangwani, kudzitsitsa kwa nyali zazikulu usiku, ndi mbali ina ya mabuleki odzigwira okha. Radar ili kutsogolo kwa galimoto ndipo kusintha galasi sikuikhudza, koma kompyuta imaphatikiza zomwe radar ndi kamera zaona. Zikasemphana, mumaona mauthenga akuti inoperative, kutanthauza kuti sizikugwira ntchito, akubwera n'kuchoka, chiwongolero kunjenjemera muli pakati pa mzere wanu, kapena mabuleki kugwira popanda chifukwa. Lane Keeping yagalimotoyi imabweza galimoto pogwira mabuleki a mbali imodzi, ndiye ganizirani izi zikuchitika molakwika pa liwiro la 100 thiraki ikubwera.

Calibration ili ndi njira ziwiri. Yoyamba, galimoto imaima m'galaja, kutsogolo kwake n'kuikidwa bolodi la zizindikiro zakuda ndi zoyera pamtunda ndi msinkhu womwe makina alamula. Yachiwiri, makina amalumikizidwa pa OBD, pulagi yolankhulira ndi kompyuta ya galimoto, galimoto n'kuyendetsedwa pamsewu mpaka kamera itaphunzira. Njira yoyenera galimoto yanu amainena ndi makinawo akawerenga VIN, osati makaniko. A Mercedes eniake ndi XENTRY. Magalaja odziimira amagwiritsa ntchito Autel, Bosch DAS 3000, Hella Gutmann kapena Texa, ndipo akakhala ndi bolodi loyenera amaichita bwino. Kamakina kofufutira ma fault code, makhodi a zolakwika omwe kompyuta imasunga, sikachita calibration, ngakhale mwini wake alumbire.

Zolepheretsa zambiri si za makina, ndi za kukonzekera. Pansi pakhale polevulo, pansi pa galimoto ndi pansi pa bolodi pomwe. Matayala akhale ndi mpweya womwe walembedwa pachitseko cha thanki, m'buti musakhale katundu, ndipo ngati ili ya air suspension ikhale pamsinkhu wake wa nthawi zonse. Bolodi amaliika potsata mzere womwe matayala akumbuyo amakankhira galimoto, choncho alayimenti ikakhala yolakwika, yambani mwakonza imeneyo. Kuwala kukhale kofanana, dzuwa lisamenye bolodi kapena kamera. Batire likhale pachaja yokhazikika nthawi yonse, poti voteji ikatsika ntchito imaduka pakati. Galasi likhale loyera kunja ndi m'kati mwa windo la kamera. Chidindo cha chala chomwe chatsekeredwa m'menemo chimalepheretsa ntchito yonse. Njira yapamsewu imafuna masana opanda mvula ndi msewu wa mizere yooneka bwino mbali zonse. Kwathu kuno mizere yofufutika ndi yomwe imachedwetsa, choncho sankhani chigawo cha msewu womwe wangomangidwa kumene. Calibration ichitike guluu atauma, osati galasi likadali lokhoza kutsika.

Pemphani mapepala awiri: la ma fault code asanachotse galasi, ndi la pambuyo losonyeza kuti calibration yatheka. Makina akakana kawiri kapena katatu zonse zili m'malo mwake, kayikirani galasi kapena kakhalidwe kake, osati kamera. Musalole kugulitsidwa kamera yatsopano zimenezi zisanafufuzidwe.

Ngati padutsa masiku musanapeze wochita calibration, zimitsani Lane Keeping mumenyu, onetsetsani kuti ndi yozima ulendo uliwonse, ndipo DISTRONIC muisiye kaye. Masitika a inshuwalansi ndi COF, komanso dashcam, zikhale kutali ndi windo la kamera.

Wamagalasi

Achimwene a ku Joni, pa za nyenyezi ndisiyana nanu pang'ono. Galasi la Sekurit kapena Pilkington lopanda nyenyezi, la nambala yolondola ya head-up display, limadutsa calibration bwinobwino. Chomwe ndingakane ndi galasi lopanda dzina la wopanga, ndi galasi lochotsedwa pagalimoto ya ngozi, lomwe m'mphepete mwake mumakhala mutatemeka podula ndipo primer yake yakale simuidziwa. Pa zina zonse tili limodzi.

Mayi, ngati inshuwalansi yanu ndi comprehensive, werengani gawo la magalasi musanalipire chilichonse, ndipo kotesheni yomwe mupereke ikhale ndi galasi, zomatira, kuika ndi calibration, chilichonse pamzere wake. Calibration ikasowa pakotesheni yoyamba, kudzaionjezera pambuyo kumavuta.

Polandira galimoto, wina athire madzi a paipi opanda mphamvu kuyambira pansi kukwera, inu muli m'kati ndi tochi kuyang'ana m'makona a denga ndi pansi pa dashibodi. Madzi olowa apa amatsikira pansi pa kapeti pomwe padutsa mawaya, ndipo vuto lake limadzaoneka ngati la magetsi. Kenaka yendetsani pa 80 mpaka 100 wailesi itazima. Kaluzu kochokera m'mphepete ndi chizindikiro cha mpata m'guluu kapena labala wosakhala bwino. Kukonza kwake si kupaka silikoni kunja. Mpata ukakhala waukulu galasi lichotsedwe, liikidwenso. Head-up display iyeseni usiku, pomwe manambala awiri amaonekera msanga. Wazani madzi pa sensa mawaipa ali pa otomatiki, muone ngati ayamba n'kusiya okha.

Kwa ofuna kudziwa za magalasi ena: a m'zitseko ndi lakumbuyo nthawi zambiri ndi tempered, amasweka tizidutswatizidutswa ndipo sakonzeka. Koma ma E-Class ena ndi S-Class ali ndi magalasi a m'zitseko a magawo awiri ochepetsa phokoso. Tsitsani windo, yang'anani m'mphepete mwake pamwamba. Mukaona mzere wa pulasitiki pakati, itanitsani lotero. Posintha, zidutswa zonse zikokedwe m'kati mwa chitseko ndi m'ngalande za labala, apo ayi zimakanda galasi latsopano n'kudya waya wokwezera windo. Mukamaliza, kwezani windo mpaka pamwamba n'kugwirabe batani sekondi imodzi kapena ziwiri kuti mota iphunzirenso malire ake. Pagalasi lakumbuyo, tinti yakale ichotsedwe ndi nthunzi, osati lezala, chifukwa mizere yotenthetsera ndi ya eriyo ndi yongopakidwa pamwamba pa galasi mbali yam'kati. Mzere umodzi ukaduka, umalumikizidwa ndi penti wa siliva wodutsitsa magetsi, mutamata tepi mbali zonse ziwiri kuti mzere utuluke wowongoka, n'kudikira tsiku lathunthu musanayatse chotenthetsera.